Chipatala cha Njerwa cha pa Khondowe

Mau olankhulidwa kwa Akristu ndi akatekisi pa chikondwerero cha Misoni ya Nsipe



Akulu okonza chikondwerero chino adandipempha kuti ndinenepo mau pa za nyumba zakale. Za matchalitchi anena kale ena odziwa kundiposa, tsono ine ndasankha chipatala. Chipatalacho sichiri kuno ku Ntcheu ai. Chiri kutali kumpoto m'boma la Rumphi, pa phiri la Khondowe limene ambiri alidziwa ndi dzina la Livingstonia, ndipo eni ache ndi abale athu a mpingo wa CCAP. Dzina lache ndi David Gordon Memorial Hospital. Kapena wina wayamba kale kung'ung'udza mumtima kuti, nanga ife a pa Nsipe tapalamula chiani kuti atitengere ku chipatala cha eni? Lezani mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yache idapondako m'boma lathu lino, ndiponso funso limene nyumba ija itifunsa lafika kale pa misoni iri yonse ya m'dziko muno: nyumba imene makolo adamanga ikakalamba, tiigwetse kodi kapena tiisunge, ndipo tikaisunga tiisungire chiani?

Tiyambe ndi munthu amene adailingalira. Pa 12 Okutobala 1875 kasitima kotchedwa Ilala kadatuluka mu mtsinje wa Shire ndi kulowa m'Nyanja, katanyamula Azungu a ku Scotland amene adadza kudzayamba misoni yokumbukira David Livingstone. Mwa iwo mudali mnyamata wa zaka 24, Robert Laws, wobadwira ku Aberdeen mu 1851. Atate ache adali mmisiri wa matabwa, wopala mipando ndi makabati, ndipo mwanayo adayamba wagwira nchito yomweyo asanaphunzire za udotolo. Ichi musachiiwale, pakuti munthu wokula ndi fungo la utuchi saleka kuyang'ana nyumba ndi diso la mmisiri, ngakhale atavala mkanjo wa dotolo. Misoni yao adaikhazika ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe. Kumeneko mu 1876, chipatala kulibe, Laws adagonetsa munthu ndi mankhwala a kolorofomu namuchotsa chotupa pamwamba pa diso. Wodwalayo adadzuka osadziwa kuti mpeni wadutsa pa iye, ndipo mbiri idawanda m'midzi yakutali.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malo aja, okongola monga ali ndi mchenga wache ndi zilumba zache, adali odzala malungo. Dotolo William Black adamwalira mu 1877 asanathe ndi chaka chomwe, anzache ena namutsata, ndipo manda ao ali pomwepo kufikira lero. Mu 1881 misoni idasamukira ku Bandawe, kwa Atonga, koma malungo adasamuka nao. Mu 1894 Laws adasiya gombe nakwera phiri.

Pakati pa zaka zimenezi ndi pamene nkhaniyi idafika kwathu. Mu 1887 misoni yomweyo ya Livingstonia idatumiza Dotolo George Henry kudzakhala m'chigwa cha Livulezi, m'boma lino la Ntcheu, Nzama asanayambe ndi zaka 14. Munthuyu adachiritsa anthu, adaphunziranso chinenero chathu mwakhama kotero kuti mu 1891 adasindikiza buku la galamala ya Chinyanja. Mu 1893 malungo adamupha, ndipo patapita zaka zowerengeka nchito ya ku Livulezi idaperekedwa kwa misoni ya Dutch Reformed, imene idali itakhazikika kale ku Mvera. Makolo athu ena, amene dotolo Wachizungu woyamba kumuona adali ameneyu, adadziwa msanga kuti ngakhale mwini mankhwala amafa ndi kutentha thupi monga ife tomwe.

Tsono Azungu aja ankayesa kuti chikuwapha n'chiani? Masiku amenewo madotolo a ku Ulaya ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo ndi m'zithaphwi, makamaka usiku ndi m'mamawa nkhungu ikamakwera. Dzina lomwe la nthendayi m'zinenero zao lidachokera ku mau a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Dotolo wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, adaona kachirombo ka malungo m'magazi a munthu ku Algeria mu 1880, koma njira imene kamalowera m'thupi idadziwika pambuyo pache, pamene Ronald Ross adakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Werengani bwino zakazi: Laws adakwera Khondowe zaka zitatu Ross asanaone chimene adaona. Ndiko kunena kuti adathawa mpweya osadziwa kuti akuthawa udzudzu. Chifukwa chache chidali cholakwa, koma phazi lidaponda poyenera, pakuti pamalo okwera mamita ngati 900 pamwamba pa Nyanja, pozizira ndi pa mphepo, udzudzu suchuluka monga m'mphepete mwa madzi.

Mantha omwewo a mpweya woipa ndiwo adaumba zipatala za nthawi ija. Mai wina wa ku England, Florence Nightingale, adadwazika asilikali pa nkhondo ya ku Crimea naona kuti matenda akupha ambiri koposa zipolopolo. Mu 1859 adalemba buku la mamangidwe a zipatala, ndipo chiphunzitso chache chidali chotere: chipinda cha odwala chikhale chachitali ndi chopapatiza, mazenera akhale mbali zonse ziwiri moyang'anana, kuti mphepo ilowe uku ndi kutulukira uko, mabedi atsamire ku makoma pakati pa mazenera, denga likhale patali ndi mutu, ndipo nyumba za odwala zitalikirane, kuti mpweya wa nyumba ina usalowe m'inzache. Chipatala chachikulu cha St Thomas ku London, chotsegulidwa mu 1871, chidamangidwa motero, ndipo madotolo a mbadwo wa Laws adaphunzira nchito yao maganizo amenewa ali pakamwa pa ali yense. Apanso chifukwa chidali chopunduka koma nyumba zidatuluka zabwino. Lero tidziwa kuti chifuwa chachikulu chimayendadi mu mpweya, ndi kuti zenera lotsegula ndi dzuwa ndi mankhwala osagula.

Atafika pa Khondowe, Laws sadayambe ndi chipatala chachikulu ai. Adayamba ndi sukulu ya aphunzitsi ndi amisiri, imene idatchedwa Overtoun Institution potsata dzina la Lord Overtoun, mwini chuma wa ku Scotland amene adathandiza ndi ndalama. Nyumba ya miyala yotchedwa Stone House idatha mu 1903. Madzi a m'mipopi ochokera ku mapiri adafika mu 1904. Mu 1905 magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi a Manchewe adayaka, ndipo chaka chomwecho udatha msewu wa Gorodi wokwera kuchokera ku Chitimba, wa makhota okwana ngati 20, umene ngakhale madalaivala a lero amaukwera atagwira mtima. Odwala zaka zonsezi ankagonekedwa m'tinyumba tosakhalitsa. Ena adzati dotoloyu adachedwa ndi chinthu chimene chidayenera kukhala choyamba, ndipo ine sindiwatsutsa konse. Koma onaninso kuti chipatala chopanda madzi oyenda ndi khola la matenda, ndipo mwana wa kalipentala uja ankadziwa kuti sayamba ndi denga maziko asanakhale.

Ndalama za chipatala zidachokera kwa abale a David Gordon a ku Scotland, amene adafuna kuti dzina la mbale wao womwalira lisaiwalike. Chidamangidwa m'zaka za 1910 ndi 1911. Sichidapume nthawi yaitali, pakuti mu Seputembala 1914 nkhondo ya Ajeremani idafika ku Karonga, madotolo ambiri a misoni naitanidwa kukathandiza asilikali, amuna a m'midzi natengedwa kukakhala amtengatenga. Ndipo nkhondo isanazizire, chimfine chachikulu cha 1918 chidasesa dziko lonse. Laws adachoka mu 1927 atakhala m'dziko muno zaka 52, namwalira ku London mu 1934. Chipatala chidatsala.

Tsopano tiime patsogolo pache tichiyang'ane monga amisiri. Choyamba kuoneka ndi njerwa zofiira zootcha, zoumbidwa ndi dothi la komweko. Makoma a nyumba za nthawi ija ndi ochindikala, ndipo khoma lotere limachedwa kutentha masana, limachedwanso kuzizira usiku, kotero kuti wodwala sapsa ndi dzuwa la mu Novembala, sanjenjemeranso kwambiri mu Juni, pamene chisanu cha pa Khondowe chifanana ndi cha ku Tsangano. Chachiwiri ndi khonde. Ife timayesa khonde ndi malo ochezera okha, koma pa chipatala ligwira nchito zitatu: liphimba khoma kuti dzuwa lisalimenye, liletsa mvula yamphepo kuti isanyowetse njerwa, ndipo lilandira wodwala amene wayamba kupeza bwino kuti aothere dzuwa asanathe kuyenda patali. Chachitatu ndi mazenera akulu ndi zipinda zazitali, amuna kwao akazi kwao, monga mwa chiphunzitso chija cha mphepo yolowa ndi kutuluka. Pamwamba pali malata. Malata, magalasi, misomali ndi zitsulo za opaleshoni sizidamere pa Khondowe: zidaoloka nyanja yamchere kufika ku Chinde, zidakwera Zambezi ndi Shire, zidadutsa pamtunda kulambalala mathithi kufikira kumene sitima za pa Nyanja zinkakocheza, ndipo zitatsitsidwa ku Chitimba zidakwera phiri lija. Mukamaona lata lakale ladzimbiri, kumbukirani nkhata zimene zidaphwanyika pansi pache.

Pali chinthu china chimene Mai Nightingale sakadachilota, ndipo ichi ndifuna tikhalepo pang'ono. Kwa makolo athu nyumba yofera munthu sinkagonedwanso. Inkagwetsedwa kapena kusiyidwa kuti igwe yokha. Nyumba ya mitengo ndi udzu imalola zimenezo, pakuti ina imamangika m'masabata awiri. Tsono taganizani mtima wa munthu wa m'mudzi pouzidwa kuti agone m'nyumba ya njerwa yosagwetseka, pa bedi limene dzulo lomwe padatsirizikira munthu wosamudziwa, wa mtundu wina, wa maliro a mwambo wina. Madotolo a misoni zambiri adadandaula kuti odwala amathawa usiku munthu akafa m'chipinda, ndi kuti ambiri amabwera nthenda itafika kale pothera. Iwo ankati ndi umbuli; ine nditi adali mantha a munthu wolemekeza akufa, amene adapemphedwa kusintha m'chaka chimodzi mwambo wa mibadwo. Kuti lero mai wapakati amapita yekha kukadikira ku chipatala ndi chipatso cha kulimba mtima kwa anthu oyamba aja amene adagona pa mabedi amenewo natuluka amoyo, nakauza anzao.

Chinanso: mapulani a ku Ulaya adawerengera wodwala, dotolo ndi namwino, koma sadawerengere wodwazika. Kwathu kuno munthu sapita yekha ku chipatala. Amabwera ndi mai ache kapena mlongo wache, ndi mphika, ufa, nkhuni ndi mphasa. Chifukwa chache pafupi ndi chipatala chiri chonse chakale m'dziko muno mudamera kanyumba ka utsi, ka mafuwa ambiri, kamene sikadalembedwe pa pepala la womanga. Ine ndiyesa kuti kanyumba kameneko ndi mbali ya mamangidwe a chipatala monga khonde lomwe, ndipo ndi mbali imene tidaonjezapo ndife.

Nanga adamanga ndani? Dzina la chipatala ndi la munthu wa ku Scotland, ndipo m'mabuku muli dzina la Laws. Koma mutu umodzi susenza denga. Adaponda dothi, nadzaza zikombole, nayala njerwa padzuwa, nasonkha moto wa uvuni usiku wonse, adali Atumbuka, Aphoka, Atonga ndi Angoni. Adacheka matabwa ndi kuimika mitanda adali anyamata ophunzira umisiri pa Overtoun Institution, amene ambiri a iwo pambuyo pache adakamanga nyumba ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia ndi ku migodi ya kumwera. Akazi adatunga madzi ndi kusenza njerwa. N'chimodzimodzi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891: onse atchula David Clement Scott, amene sadaphunzire za kumanga, koma owerengeka okha afunsa za anthu akuda amene adaumba njerwa za maonekedwe ambirimbiri aja, iwonso osaphunzira za kumanga. Tikamati nyumba izi n'za Azungu, tikupatsa alendo chuma cha agogo athu.

M'kati mwa zipatala namonso mudali manja akuda. Dotolo adali mmodzi, nthawi zina palibe; otsuka zironda, ochotsa matekenya, osakaniza mankhwala, oyang'ana magazi pa galasi ndi ogonera odwala adali anthu a kuno. Ku Blantyre, Dotolo Neil Macvicar adaphunzitsa John Gray Kufa, amene mu 1898 adapambana mayeso a wothandiza dotolo. Munthu yemweyo boma lidamupha mu 1915 pa mlandu wa nkhondo ya John Chilembwe. Daniel Malekebu adachita kuoloka nyanja kukaphunzira udotolo wathunthu ku Meharry ku Amereka, natsiriza mu 1917, nabwerera kwao mu 1926, chifukwa m'dziko muno khomo limenelo lidali lotseka kwa munthu wakuda. Pa Khondowe chipatala chidalinso sukulu, ndipo othandiza dotolo ophunzira kumeneko adakagwira nchito m'zipatala za misoni ndi za boma. Kuno kwathu Abambo a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, Asisiteri a Daughters of Wisdom adawatsata mu 1904, ndipo nchito ya mankhwala pa misoni zathu idayamba pa khonde, ndi botolo la kwinini ndi nsalu zomangira zironda. Koma amene ankamasulira mau a wodwala, ndi kumunyengerera kuti asathawe, kawirikawiri adali mphunzitsi wa m'mudzi, kholo lanu inu akatekisi.

Sindifuna kuti muyese ndikutama zonse. Walira mvula walira matope. Phiri limene lidapulumutsa Azungu ku malungo lidaika chipatala kutali ndi odwala malungo. Anthu ambiri adali kunsi, m'mphepete mwa Nyanja, ndipo wodwala kwambiri ankayenera kusenzedwa pa machira kukwera mtunda umene munthu wamoyo bwino amafika pamwamba ali wefuwefu. Angati adatsirizikira panjira? Chilema chimenechi chidakhala m'maziko, ndipo eni chipatala adachita kuchichepetsa potsegula tizipatala ta kunyanja monga Mlowe ndi Luwuchi. Wosankha malo a chipatala amasankhiratu amene adzafika msanga ndi amene adzachedwa.

Pa zipatala za boma la atsamunda kusankhako kudali poyera. Ku Zomba ndi ku Blantyre kudali chipatala cha Azungu padera ndi cha anthu akuda padera, ndipo simufunika kuuzidwa kumene kudali mabedi abwino. Chitsanzo choonekeratu chiri kwa anansi athu ku Dar es Salaam. Kumeneko Ajeremani adatsegula mu 1897 chipatala chokongola m'mphepete mwa nyanja yamchere, cha makonde akulu olandira mphepo ndi nsanja ziwiri za madenga obulungira onga a mzikiti. Robert Koch, amene adatulukira kachirombo ka chifuwa chachikulu, adafufuzirako za malungo m'zaka za 1897 ndi 1898. Koma chidali cha Azungu okha. Ena onse adathandizidwa ndi chipatala china, chomangidwa ndi chuma cha wamalonda Sewa Haji. Dziko litalandira ufulu, Atanzania akadatha kunena kuti nyumba iyi idatinyoza, tiigwetse. Sadatero. Adatsegula zitseko zache kwa onse, pambuyo pache naikonzanso, ndipo mu 1996 lamulo lidakhazikitsa pamalopo Ocean Road Cancer Institute, chipatala cha matenda a khansa. Mdzukulu wa munthu amene ankaletsedwa pachipata adalowa pakhomo lalikulu. Ine ndiona kuti kubwezera kotere kuposa kwa nyundo.

Ku chilumba cha Mozambique zidayenda mwina. Apwitikizi adayamba kumanga kumeneko mu 1877 chipatala chachikulu cha nsanamira zazitali ndi munda wa maluwa patsogolo. Mu 1898 likulu la dziko lidasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, ndipo chilumba chidayamba kufota. Mu 1991 bungwe la UNESCO lidalemba chilumba chonse m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi; komabe kwa zaka zambiri mbali yaikulu ya chipatala chija idakhala bwinja, madenga akugwa, odwala akuthandizidwa m'zipinda zochepa zotsala. Dzina m'kaundula silitseka lata lodontha.

Kwathu kuno lamulo liripo, lotchedwa Monuments and Relics Act, la 1990. Limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo kapena nyumba yakuti ndi yotetezedwa, ndipo ikalengezedwa palibe wololedwa kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo, ngakhale mwini wache. Nyumba ya Mandala ku Blantyre ya 1882, tchalitchi cha St Michael chija, ndi Stone House pamodzi ndi nyumba zina za pa Khondowe ziri m'gulu limeneli. Ndipo anansi athu a ku Dedza ali ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO idazilemba mu 2006. Chipatala cha David Gordon chiima pakati pa nyumba zolemekezeka zimenezi. Koma mukandifunsa chimene chachisunga zaka zoposa 110, ndidzati ndi nchito. Sinodi ya Livingstonia ichiyendetsabe, chiri m'bungwe la CHAM pamodzi ndi zipatala za mipingo yonse, ndipo nyumba imene anthu amasesamo m'mawa uli wonse siigwa mwakachetechete, pakuti wina amaona dontho loyamba naika beseni, nakauza akulu.

Nyumba yakale imafa motere, ndipo amisiri ali pano andichitire umboni. Lata limodzi limasomphoka ndi mphepo, palibe wokwera. Madzi amalowa pa mtanda, mtanda umaola, chiswe chimamva. Ngalande yozungulira nyumba imadzala dothi, madzi a mvula amaima pa maziko, chinyontho chimakwera m'khoma. Mbalame imasiya njere ya kachere pa mng'alu, ndipo zikatha zaka khumi muzu wang'amba khoma pakati. Pomwepo amafika munthu wa mtima wabwino ndi matumba a simenti, namata khoma lonse kuti lioneke latsopano. Uyu ndiye amatsiriza, pakuti njerwa zakale n'zofewa ndipo zambiri zidamangidwa ndi dothi kapena laimu, zimene zimalola khoma kupuma. Simenti imatsekera chinyontho m'kati, njerwa nkumafumbutuka kuseri kwa pulasitala wosalala. Khoma la laimu likonzedwe ndi laimu.

Pa misoni ina, imene sindiitchula dzina, ndidaona ndi maso angawa kanyumba ka mankhwala ka njerwa, kamene theka la anthu a m'midzi yozungulira lidalandirirapo katemera, katagwetsedwa m'masiku awiri kuti papezeke poimika galimoto. Njerwa zache zidakamanga khola la nkhumba. Mabuku a maina a odwala, olembedwa ndi inki m'dzanja lokongola la Asisiteri akale, adayatsira moto wa tiyi wa omanga. Palibe adachita mwankhanza. Kungoti palibe adafunsa. Nkhalamba ina idaima poteropo ndi ndodo yache, niti apa ndi pamene adandichotsa dzino, niseka, nichoka.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikuti amai athu azichirira m'zipinda zodontha chifukwa zipindazo n'zakale. Opaleshoni ya lero ifuna chipinda cha lero, ndipo wotipatsa nyumba yatsopano timulandire ndi manja awiri. Chimene ndikupempha n'chakuti yatsopano iime pambali pa yakale, osati pamwamba pa manda ache, ndipo yakaleyo ipatsidwe nchito yoiyenera: sikelo ya ana, mosungira mabuku, mogona odwazika matenda, kapena mophunzirira inu akatekisi. Nyumba ya makoma ochindikala ndi khonde lozungulira siifuna makina oziziritsa mpweya, ndipo magetsi akazima imakhalabe yowala. Omanga a lero akadayamba aiyendera asanajambule mabokosi ao a mazenera ang'onoang'ono.

Tsono nchito ndi iyi, ndipo ndiipereka kwa akatekisi chifukwa ndinu mumafika pakhomo liri lonse. Mu nthambi yanu yendani muone nyumba zimene zidamangidwa dziko lisanalandire ufulu mu 1964: kachipatala, sukulu, nyumba ya mphunzitsi, ngakhale chitsime chomangira. Gulani kope la sukulu. Pitani kwa nkhalamba, amai makamaka, pakuti iwo ndiwo adakhalitsa m'makonde a zipatala, muwafunse: adaumba njerwa ndani, dothi lidakumbidwa pati, wotsuka zironda woyamba adali yani, mzamba adali wa mudzi uti? Akapanda kukumbuka chaka, afunseni ngati kudali njala ya 1949 isanadze kapena itapita, kapena nthawi ya chitaganya, ndipo lembani monga anenera, osakonza. Achinyamata ali ndi mafoni ajambule nyumbayo mbali zonse zinai, ndi m'kati momwe, ndi denga. Mabuku akale a odwala mukawapeza musawaonetse kwa anthu wamba, pakuti matenda a munthu ndi chinsinsi chache ngakhale atamwalira. Akulungeni bwino muwapereke kwa Bambo Mfumu. Makopewo adzasonkhanitsidwe pano pa Nsipe, ndipo ikapezeka nyumba yoyenera, akulu a misoni alembere nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale kuti adzaione.

Za madenga zokha musadikire kalata ya boma. Okwera akwere mu Okutobala, mvula isanagwe, ndi misomali ndi phula, ndipo ana a sukulu afukule ngalande tsiku lomwelo.